Mzere wa Atate Umene Ubisala m'Thupi la Mwamuna

Pa maliro ku manda a ku Chunga, anthu osadziwana akakhala pa benci limodzi, posacedwa afunsana: "Kwanu n'kuti, nanga mfunda wanu ndani?" Wina ati ndi Phiri wa ku Katete, wina ati ndi Jere wa kwa Mpezeni. Mcewa awerenga ubale wace kucokera kwa amai, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mngoni awerenga kucokera kwa atate. Koma thupi la mwamuna liri ndi kawerengedwe kacekace, kosasamala mwambo wa mtundu uli wonse.

M'thupi la munthu muli timaselo tosaoneka ndi maso, ndipo m'kati mwa timeneti muli tinthu 46 tochedwa makromosomu. Theka licokera kwa amai, theka kwa atate. Kamodzi mwa ito, kochedwa Y, kapezeka mwa amuna okha. Bambo akapatsa mwana wace wamwamuna monga momwe iye anakalandirira, ndipo mwana wamkazi sakalandira konse. Pakapita mibadwo yambiri, kacizindikilo katsopano kabuka pa Y wa munthu mmodzi, ndipo ana ndi adzukulu ace amuna onse akhala nako, monga ng'ombe za khola limodzi zodulidwa khutu mofanana. Akatswiri a sayansi atsata zizindikilo zimenezi nazipatsa maina.

Amuna ambiri a mitundu yolankhula zinenero za Bantu ali ndi cizindikilo cochedwa E-M2. Makolo ao ananyamuka ku malire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo, nafalikira pang'onopang'ono ndi mbeu zao. Cotero Mbemba wa ku mgodi, Mtonga ndi Mcewa angathe kukhala pa nthambi imodzi, ngakhale sanganenane ubale. Apa ndipo pagwa mphwayi munthu wofuna kuti sayansi imtsimikizire mtundu wace. Angoni anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'caka ca 1835, ndipo m'njira monse anatenga anyamata a mitundu yina nawasandutsa ankhondo ao. Anthu a Mpezeni anakwatira akazi Acinsenga, ana nayamwa cinenero ca amai ao. Ungoni wa munthu uli m'mbiri ndi m'mwambo; Y wace sangaunene.

Nanga Akafula, anthu aafupi aja amene akuluakulu anena kuti anawapeza m'dziko? M'caka ca 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza poyesa mafupa akale a ku Malawi, a pa phiri la Hora, pa Fingira ndi pa Chencherere. Ena a ku Hora anali a zaka ngati 8,100. Anali alenje, ndipo mwa Amalawi a lero amene anayesedwa, magazi a alenjewo sanaoneke.

Codabwitsa ciri ku Ulaya. Ku Albania, dziko la mapiri loyandikana ndi Greece, mwamuna mmodzi mwa anai kapena atatu ali ndi cizindikilo ca E-V13. Nthambi imeneyi ndi ya E-M2 zinaphuka pa tsinde limodzi, ndiye mwamuna wina amene anakhala mu Africa zaka zoposa 30,000 zapitazo. Pa mzere wa atate wokha, Mualbania wotere ali pafupi ndi mnyamata wa ku Chunga kuposa ndi mnansi wace wa ku Tirana wokhala ndi cizindikilo cina, monga J2b kapena R1b.

Komabe cibale cimeneci n'ca ulusi umodzi. Munthu ali ndi agogo anai. Akabwerera m'mbuyo mibadwo 10, malo a makolo ace akwana 1,024, ndipo Y anena za mmodzi yekha mwa onsewo. Mzere wa amai uyesedwa ndi kanthu kena, kochedwa mitokondria, kamene mai apatsa ana ace onse, koma ana akazi okha ndiwo akapitiriza. Umenewo ndiwo mzere umene Acewa atsata posankha wolowa ufumu.