Musanadinde chala pa fomu ya kafukufuku wa zachipatala

Anthu amene analowapo mu kafukufuku wa zachipatala sadandaula kwenikweni za jakisoni kapena kuwawa kwa mankhwala. Dandaulo lawo limakhala pa zochitika pambuyo pake. Mayi amabwera kuchipatala kudzafunsa zotsatira za magazi amene a kafukufuku anatenga mwa mwana wake miyezi ingapo yapitayo, n'kupeza chipinda chija chili chokhoma, kapena muli anthu ena a ntchito ina. Namwino wa boma amamuuza zoona zokhazokha: "Amayi, a kafukufuku aja anamaliza, ndipo mapepala awo sitisunga ife." Mayiyo dzina la kafukufukuyo salidziwa, nambala ya foni alibe, pepala limene anadindapo chala analisiya komweko. Akabwerera kumudzi chimanjamanja, pamjigo nkhani imasanduka yoti magazi a ana akugulitsidwa kunja. Ndipo tonse tikudziwa kumene mphekesera za magazi zinatifikitsa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, pamene anthu osalakwa anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa.

Komabe kafukufuku wa zachipatala tikumufuna. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, yemwe mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatengamo mbali, anasonyeza mu 2011 kuti munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV akayamba msanga ma ARV, chiopsezo chopatsira mnzake wapabanja chimatsika ndi 96 peresenti. Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwa pa ana a ku Lilongwe, ndipo mu Epulo 2019 Malawi inakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka kusikelo. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ndi amene anatsimikizira dziko lapansi kuti katemera watsopano wa taifodi amateteza ana a kuno ku Africa, ndipo mu 2023 analowa m'ndondomeko ya katemera wa dziko lonse. Amene anapereka mikono yawo ndi ya ana awo pa ntchito yotere sayenera kubwezedwa pakhomo ngati opemphetsa.

Njira imene kafukufuku amadutsa asanakufikeni ndi yaitali, koma tiidutse mwachidule. Mankhwala atsopano amayambira mu labotale, kenako pa nyama, kenako pa anthu ochepa pofuna kuona ngati sapweteka, mpaka pa anthu mazana ndi zikwi pofuna kuona ngati amachizadi. Wofuna kuchita gawo lililonse la ntchitoyi m'Malawi amalemba ndondomeko yake yonse n'kuipereka ku komiti yoona za ufulu wa anthu olowa mu kafukufuku. Makomiti odziwika kwambiri pa zaumoyo ndi NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo ndi COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo pamwamba pawo pali National Commission for Science and Technology. Ngati akuyesa mankhwala kapena katemera, pafunikanso chilolezo cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Akatero amapita kwa akuluakulu a zaumoyo a m'boma limene akagwiremo ntchito, kenako kwa mafumu. Chilolezo cha komiti chimakhala cha chaka chimodzi, chikatha amakapempha china. Mpaka pamenepa mapepala amakhala okwana, ndipo ofufuza amadandaula okha kuti amadikira miyezi.

Zinthu zimayamba kutsimphina pabenchi pamene mwakhala inu ndi wogwira ntchito ya kafukufuku, fomu ya chilolezo ili pakati panu.

Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kuyesera munthu aliyense za mankhwala kapena za sayansi iye mwini asanavomere. Kuvomera kwake ndi kwa mwini thupi. Amfumu akalola kuti a kafukufuku alowe m'mudzi, alola kuti alankhule nanu basi, sanakuvomerereni. Mwamuna sasainira mkazi wake, ngakhale ndi bwino kuti awiriwo akambirane kunyumba. Mwana wosakwana zaka 18 amamusainira kholo kapena womulera, koma ngati ndi wosinkhukirapo, nayenso amafunsidwa.

Fomuyo nthawi zambiri imakhala ya masamba ambiri, yomasuliridwa kuchoka ku Chingerezi m'Chichewa chimene ngakhale mphunzitsi angachibwereze kawiri. Wogwira ntchitoyo ali ndi chiwerengero cha anthu chimene akuyenera kulemba tsiku limenelo, panja pali mzere, inu mwabwera m'mamawa osadya ndipo mwana akulira kumsana. Apa m'pamene pamabadwira chizolowezi chimene chimandinyansa: kuwerenga mitu yokha mothamanga, kufunsa kuti "Mwamva eti, amayi?" n'kuloza pamzere posaina. Ife Amalawi munthu wovala choyera sitimutsutsa pamaso, timangoti "Eya, adokotala." Chotero pepala limasonyeza kuti munthu anavomera atamvetsa, pamene iye akuganiza kuti wasainira ndalama ya thiransipoti kapena walembetsa chithandizo chapadera.

Muli ndi ufulu wonena kuti mutenga fomuyo mukaiwerenge kunyumba. Ngati simudziwa kuwerenga, payenera kukhala mboni imene si ya gulu la kafukufukuyo, imve kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo isaine inu mutadinda chala. Mboni yoitanidwa pakhonde zonse zitatha kuti ingolemba dzina si mboni. Mungathe kubwera ndi wanu, kaya mlongo wanu, kaya mnzanu wa kumpingo amene amawerenga bwino.

Pali funso limene ambiri safunsa chifukwa sadziwa kuti lilipo: kodi ine ndilandiradi mankhwala akuyesedwawo? M'kafukufuku wambiri anthu amagawidwa m'magulu mwa maere, ndipo amachita maerewo ndi kompyuta. Gulu lina limalandira mankhwala atsopano, lina mankhwala a masiku onse, kapena ongofanizira opanda mphamvu. Kawirikawiri ngakhale namwino wokubayaniyo sadziwa gulu lanu. Palibe chinyengo pamenepa, ndiyo njira yodalirika yodziwira ngati mankhwala akugwira ntchito. Chinyengo chimabwera munthu akapanda kuuzidwa. Mtsikana amene walowa mu kafukufuku wa mankhwala oteteza ku HIV akamachoka akuganiza kuti watetezedwa, pamene mwina ali m'gulu lina, moyo wake uli pachiswe chifukwa cha ndime imodzi imene wina anaidumpha powerenga.

Ndipo mukasaina, tengani pepala lanu. Mafomu amasainidwa awiri, imodzi yawo, ina yanu. Akakuuzani kuti mapepala atha, kapena makina osindikizira afa, mudzatenge ulendo wina, auzeni kuti nanunso mudzasaina ulendo womwewo. Papepalapo ndi pamene pali dzina la kafukufuku, dzina la mkulu wake, nambala imene komiti inapereka pomuvomereza, ndi mafoni awiri: ya ofufuza ndi ya komiti. Lipindeni mulisunge m'kabuku ka kuchipatala. Ena amalibisa kapena kulitaya poopa kuti a kunyumba adziwa matenda awo, ndipo mantha amenewo ndi omveka, koma lembani nambalazo pena pake musanatero.

Za ndalama tinene mosabisa, chifukwa ndi zimene zimakopa ambiri. Mu 2017 NHSRC inalamula kuti olowa mu kafukufuku azipatsidwa ndalama yofanana ndi madola 10 a ku America pa ulendo uliwonse, ndipo ofufuza anatsutsana kwambiri ngati ndalamayo ndi yokwanira kapena ngati ikunyengerera osauka. Chimene muyenera kugwira inu ndi chakuti ndalama iliyonse imene mudzalandire iyenera kulembedwa mu fomu, ndipo polandira musaine pa chiwerengero chenichenicho, osati pa mzere wopanda kanthu woti wina adzalembepo yekha. Ndalamayo ndi yobwezera zimene mwawononga, si malipiro ndipo si mtengo wa magazi. Kodi imabwezadi? Werengani kabaza wochoka kumudzi kufika pamsewu, minibasi popita ndi pobwera, kachakudya ka masana, ganyu kapena geni imene yaima tsiku lonse, ndi mnansi amene mwamusiyira ana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya minibasi inakwera sabata yomweyo, koma chiwerengero cholembedwa mu fomu sichisintha pokhapokha ofufuza atalemba kalata ku komiti n'kudikira yankho. Pa miyezi yodikirayo amene amalipira kusiyanako ndi wolowa mu kafukufuku. Komanso munthu wina asakudyereni pokuuzani kuti iye ndiye anakulembetsani ndiye mumugawireko. Kulowa mu kafukufuku salipira, ndipo sapereka chiongola dzanja kwa aliyense.

Magazi amapita kunja, inde, nthawi zina. Pali zoyeza zina, monga kuwerenga chibadwa cha kachilombo kapena kuyeza kuchuluka kwa mankhwala m'magazi, zimene ma labotale athu sachita zonse, ngakhale a ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi a UNC Project ku Lilongwe akuchita zambiri kuposa kale. Kuti magazi kapena makhololo atuluke m'dziko pamafunika pangano lolembedwa lovomerezedwa ndi komiti, ndipo pa kabotolo pamakhala nambala, osati dzina lanu. Fomu iyenera kunena kuchuluka kwa magazi otengedwa, kumene akupita, ndi nthawi imene adzasungidwe. Anamwino odziwa ntchito amakuuzani m'masupuni a tiyi, n'kukuonetsani kabotolo kake musanabayidwe. Amene amayankha kuti "Zimenezo n'za akuluakulu" ndiye amadyetsa mphekesera zija.

Kudwala muli mu kafukufuku ndi pamene pepala lija limagwira ntchito yake yeniyeni. Kafukufuku woyesa mankhwala kapena katemera amayenera kukhala ndi inshulansi ya olowamo, ndipo vuto lalikulu likachitika, ofufuza amayenera kuuza komiti mwamsanga. Koma mwana akatentha thupi usiku wa Loweruka, mumathamangira kuchipatala chapafupi, kumene dokotala wa usiku sadziwa n'komwe kuti mwanayo akumwa chiyani. Muonetseni khadi kapena fomu ya kafukufuku, ndipo imbirani nambala ya ofufuza usiku womwewo, musadikire tsiku limene anakulemberani. Vuto losalembedwa m'mabuku awo n'lovuta kulipezera chipukuta misozi. Mukafuna kusiya, mumasiya tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa, ndipo ma ARV anu, sikelo ya mwana wanu ndi chithandizo china cha boma zimapitirira monga kale. Wokuopsezani kuti mukatuluka simudzathandizidwanso pachipatalapo akuphwanya malamulo a ntchito yake yomwe.

Nanga kodandaula? Nambala ya komiti ili pa fomu, koma kunena zoona njirayi ndi yopapatiza. Ndi foni ya mu ofesi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, yoyankhidwa nthawi ya ntchito, ndipo mayunitsi ndi anu. Mayi wa ku Chikwawa amene ali ndi mayunitsi a mphindi ziwiri sangafotokoze nkhani yake kwa munthu amene akumufunsa nambala ya kafukufuku. Makomiti amene amatha kuunika ndondomeko ya masamba mazana angathenso kukhala ndi nambala yaulere yoyankhidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo ndikuona kuti inachedwa kale. Pakadali pano yambani ndi amene ali pafupi. Makafukufuku akuluakulu amakhala ndi gulu la anthu a m'dera lomwelo loimira anthu wamba, ndipo amfumu kapena alangizi a zaumoyo amawadziwa mayina. M'zipatala za boma muli a ombudsman olandira madandaulo. Ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu inapereka kalata kafukufukuyo asanayambe, choncho ingathe kukuuzani mwini wake ngakhale chipinda chitatsekedwa.

Zotsatira zili pawiri, ndipo funsani za zonse ziwiri musanasaine. Zoyeza zokhudza thanzi lanu lero, monga HIV, malungo kapena kuchepa kwa magazi, muyenera kuuzidwa ndi kuthandizidwa. Zotsatira za kafukufuku yense zimatenga chaka kapena kuposerapo, ndipo apa ndi pamene ofufuza ambiri amagwa ulesi. Ndalama za ntchito zimatha, ogwira ntchito amabalalika, zopezazo zimakalengezedwa ku misonkhano ya kunja ndi m'magazini a Chingerezi, mudzi umene unapereka magazi osamva kanthu. Amene amabwerera kudzachititsa msonkhano pabwalo la amfumu alipo, ndipo ndi amene amalandiridwa bwino akabweranso ndi kafukufuku wina.

Masiku ano kwabweranso kuyeza kwa kompyuta. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza mapulogalamu owerenga zithunzi za X-ray za pachifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo imodzi mwa ntchito zoyesa njirayi inachitikira pachipatala cha Bangwe ku Blantyre. Pulogalamuyo imangopereka nambala yosonyeza kuti chithunzicho chikukayikitsa motani. Nambala ikakwera, munthu amapereka makhololo kuti ayezedwe, ndipo dokotala ndi amene amagamula. Chithunzi chanu nachonso ndi chanu ngati magazi, mufunse kumene chikasungidwe. Izi n'zosiyana kutali ndi anthu oyenda ndi kamakina kogwira m'manja, laputopu n'kutchula matenda khumi pa mphindi imodzi, kenako n'kukugulitsani mabotolo a mankhwala pa tebulo lomwelo, amvekere "tikuchita kafukufuku". Wa kafukufuku weniweni sakulipiritsani poyeza ndipo sagulitsa mankhwala. Wa kamakinayo mufunseni fomu ya chilolezo ndi nambala ya komiti. Akasowa, kauzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu tsiku lomwelo, ndipo botolo limene wakugulitsani mukalionetse kwa a PMRA kapena kwa wopereka mankhwala pachipatala cha boma musanamwe.