Mipweya Yotizinga: Mdani Wobisala M'mbaula

Sabata yatha tinaona kuti mwa magawo 100 alionse a mpweya umene timapuma, 78 ndi naitrojeni ndipo 21 ndi okosijeni. Lero tikambe za mpweya wakupha, kaboni monokosaidi.

Makala akamayaka m'nyumba yotseka, okosijeni amachepa, ndipo motowo umatulutsa mpweya umenewu wochuluka. Suoneka ndi maso, fungo ulibe. Ukaloŵa m'mapapo umakanirira m'magazi mwamphamvu kuŵirikiza ka 200 kuposa okosijeni, motero thupi limasoŵa chopumira. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, kenaka amakomoka. Amene ali m'tulo angathe kufa osadzidzimuka n'komwe.

Inu aphunzitsi, chisanu cha Juni ndi Julaye chisanafike, alangizeni ana kuti mbaula yamoto siigona m'chipinda. Aziitulutsa panja asanatseke chitseko.