Makutu a Malume Anga ku Mufakose

Ine ndine mabalani pa mgodi wina wa golide, ndipo imodzi mwa nchito zanga ndi kulemba maina a anthu amene alandira zotsekera m'makutu. Ambiri amasaina bwino lomwe, koma polowa pansi amaziika m'thumba. Kale sindinali kusamala, cifukwa buku langa linali kudzaza.

Mwezi wathawu ndinapita kukaona malume anga ku Mufakose, kumene kuli macona ambiri a kwathu. Iwo anagwira makina obowola mwala zaka zambiri. Ndinawapatsa moni katatu, koma anangondiyang'ana pakamwa. Azakhali anati, "Kwezani mau, acimwene, bambo anu sakumva." Anali atawathira mafuta ophikira m'khutu ndi kutokosamo ndi nthenga ya nkhuku, zonse osathandiza.

Tinayamba ku kiliniki ya kansolo, kumene anatipatsa kalata yopita nayo ku Gomo, cipatala cacikuru cimene tsopano cichedwa Sally Mugabe Central Hospital. Musadumphe kiliniki, anzanga, cifukwa kalatayo ndiyo imakutsegulirani khomo.

Dokotala anaunika ndi kanyali kace napeza phula louma m'khutu limodzi. Analicotsa, ndipo malume anamvako pang'ono. Pambuyo pace anawabveka zomvera kumutu nawaliza timau tating'ono, iwo akukweza dzanja akamva. Pamenepo cinthu cinaoneka: mkati mweni mweni mwa khutu, momwe muli timitsitsi tolandira mau, munafa ndi phokoso. Timitsitsi timeneti tikafa sitimeranso. Phula limacoka, khutu lotuluka mafinya limacira ngati mwafulumira, koma kugontha kwa phokoso kulibe mankhwala.

Phokoso limayesedwa ndi muyeso wochedwa desibelo. Akatswiri amati munthu asakhale maola 8 m'phokoso lopitirira 85, pamene makina obowola amapitirira 100. Mukaturuka pansi makutu akulira ngati nkhululu, dziwani kuti ayamba kupweteka.

Cimene cinandiwawa ndi funso la dokotala lakuti, "Pepala la kupimidwa makutu poyamba nchito liri kuti?" Malume analibe. Mgodi umene anagwirako sunawapime ngakhale kamodzi. Tsono pofuna cipukuta misozi ku NSSA, nkobvuta kusonyeza kuti makutu anafera pa nchito. Ndipo kacipangizo kothandiza kumva ndi kodula, kamafunanso mabatire.

Cifukwa cace, anzanga, pemphani kupimidwa makutu polowa nchito, caka ndi caka, ndi pocoka. Pepalalo lisungeni pamodzi ndi citupa canu. Zotsekera zikatha kapena zikakupwetekani, uzani kapitao akupatseni zina. Ena amati akabvala samva mwala ukamalira. Nkhawa imeneyi ndi yoona, koma kambani nayo ndi woyang'anira za ngozi, osangozibvula mwakacetecete.

Tsopano munthu akabwera kudzasaina pa zenera langa, ndimamuuza kuti abvale ndikuona. Ena amanditukwana kuti mwana wa sukulu ya mishoni wayamba kunyada. Malume tidzapita nao ku Gomo kaciwiri mwezi wa mawa.