MLONDA WA M'THUPI AMENE AMALAMULA SELO KUTI IFE

Odwala ambiri amene timaona ku cipatala amaganiza kuti kansa ndi matenda olodzedwa. Ai, abale. Kansa imayamba pamene maselo, tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga thupi, akana kufa pa nthawi yake.

Tsiku lililonse maselo mabiliyoni ambiri okalamba ndi oonongeka amadzipha okha, ndipo thupi limawacotsa mwakacetecete. Imfa imeneyi madokotala amaicha apoptosis. Mmodzi mwa oilamulira ndi p53, mlonda wokhala mkati mwa selo, amene anatulukiridwa mu 1979. Malangizo a selo, ochedwa DNA, akaonongeka ndi utsi wa fodya kapena poizoni wa cuku ca pa nsawa ndi cimanga, p53 amaimitsa seloyo kuti isaberekane mpaka itakonzedwa. Zikakanika, amailamula kuti ife. Koma mlondayo akaonongeka yekha, selo yodwalayo imangoberekana mpaka kukhala cotupa. Pafupi-fupi theka la makansa onse a anthu amapezeka ndi p53 woonongeka. Njovu ili ndi makope 20 a jini imeneyi, ndipo ngakhale ndi yaikulu cotere, sidwala kansa kawirikawiri.

Kwa ife muno m'Zambia nkhaniyi yagona pa kansa ya khomo la cibaliro, imene imapha azimai athu kuposa kansa ina iliyonse. Kacirombo ka HPV, kamene kamafala pogonana, kamapanga puloteni yochedwa E6 imene imagwira p53 ndi kumuphwanyitsa. Maselo a pakhomopo amatsala opanda mlonda. Mai samva kuwawa kulikonse, ndipo pamatha kupita zaka 15 kapena 20 kansa isanaonekere. Kwa mai amene ali ndi HIV, zakazo zimacepa kwambiri.

Zaka zimenezo ndiye mpata wathu. Kucokera mu 2006, makiliniki a boma anayamba kupima azimai popaka vinega pakhomo la cibaliro. Malo odwala amayera, ndipo nthawi zambiri amathandizidwa tsiku lomwelo. Mu 2019 katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 14. Makolo ena m'makomboni amaopa kuti amatseka mimba. Limenelo ndi bodza lenileni.

Azimai, musadikire kutaya magazi pambuyo pogonana kapena kucuca madzi onunkha. Pitani mukapimitse mukali bwino, ndipo inu azibambo, aperekezeni.