Woyeza Malo Amene Anasanduka Wopanga Kanema

Aliyense wodziwa gombe la Senga Bay, m'boma la Salima, adzavomereza kuti chambo sichichulukanso monga kale. Asodzi amadandaula pokonza maukonde awo, koma dandaulo lotere limathera pamchenga pomwepo. Munthu amene analitola ndi kulionetsa ku maiko akunja ndi Bambo Shemu Joyah.

Bambo Joyah anabadwira ku Zimbabwe ndipo anaphunzira masamu pa Yunivesite ya Malawi. Ntchito yawo yeniyeni inali yoyeza malo. Kanema wawo woyamba, Seasons of a Life, akusimba za mtsikana wantchito, Sungisa, amene bwana wake anampatsa mimba. Mtsikanayo anabwerera kusukulu, nakhala loya, nalimbana ndi banja lija kubwalo la milandu kuti atenge mwana wake.

Koma kanema amene akukhudza kwambiri anthu a kunyanja ndi The Last Fishing Boat, wa m'chaka cha 2012, amene anajambulidwa ku Mangochi. Mwini nkhani ndi Yusufu, msodzi amene kale anali wolemera, koma nsomba zitasowa ulemu wake unayamba kuguga. Mwana wake, Mustafa, alibe nazo ntchito ngalawa ndi nkhafi. Iye amaperekeza azungu odzacheza. Mkazi wachitatu wa Yusufu, Abiti Anefa, ndi wamng'ono ndi wokongola, ndipo mlendo wina wamponyera diso. Apa ndi pamene Bambo Joyah anaonetsa nzeru: sanamunyoze Yusufu chifukwa cha mitala kapena umbuli wake, komanso sanamsandutse woyera mtima. Woonera amamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi. Ena anganene kuti nkhaniyo imayenda pang'onopang'ono, ndipo sakunama, koma moyo wa pagombe nawonso suthamanga.

Mu 2017 anatulutsa The Road to Sunrise, wonena za akazi awiri oyendayenda mu mzinda wa Blantyre. Chaka chotsatira kanemayu anapambana mphoto ya AMVCA ku Nigeria monga wopambana m'chigawo cha kummwera kwa Africa, ndipo anakhala woyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar ku America.