Nkhani ya Yosefe kapena mafunso a katekisma?

Kuno ku Doornfontein, pafupi ndi bwalo la Ellis Park, mlaliki akayamba kusimba za Yosefe wogulitsidwa ku Igupto, Amalawife timangoti chete. Moyo wa kuchilendo timaudziwa. Iyi ndi njira imodzi yowerengera Baibulo, kulitenga ngati nkhani yaitali imene nafenso tilimo. Mphunzitsi wa zaumulungu Hans Frei wa ku yunivesite ya Yale anadandaula mu 1974 kuti akatswiri anaitaya njirayi.

Komatu ambirife tinakulira m'kalasi ya katekisma. Kumeneko mavesi amatoledwa uku ndi uku n'kusanjidwa pamitu: tchimo, chipulumutso, kuthokoza. Ndi mmene alili Katekisma wa Heidelberg wa 1563, wa mafunso 129, amene amagwiritsidwa ntchito mu mpingo wa Dutch Reformed, womwe amishoni ake anafika ku Mvera mu 1889.

Ineyo mtima wanga uli ku nkhani. Koma nkhani payokha ndi yosavuta kuipotoza. Ndamvapo Yosefe yemweyo akusandutsidwa lonjezo la galimoto kwa wopereka chakhumi chambiri. Wodziwa katekisma amafunsa msanga kuti chisomo chili pati pamenepo. Makolo anzanga, ana obadwira kuno tiwaphunzitse zonse ziwiri.