Cigayo ca Madzi ca ku Dounby: Mbiri Yake ndi Mau Amene Cinasiya

1.0 Mau Oyamba

M'nkhani ino tifotokoza mbiri ya kacigayo ka madzi kamene kali pafupi ndi mudzi wa Dounby, pa cisumbu cacikulu ca Orkney kumpoto kwa Scotland. Colinga cathu ndi kuonetsa kuti mbiri ya cipangizo imasungika m'mau a anthu amene anali kucigwiritsa nchito, monga mmene imasungikira m'miyala yake.

2.0 Kapangidwe ndi Mbiri

Cigayoci cinamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1820, ndipo cinapera barele kufikira ca m'ma 1880. Ndi kanyumba ka miyala. Madzi a m'kamtsinje anali kupatutsidwa ndi ngalande, natsikira mwamphamvu kunsi kwa nyumbayo, kumene anali kumenya mapiko a gudumu lamatabwa. Gudumulo ndi logona, losiyana ndi la ngolo limene limaimirira. Mtengo wake unaloza kumwamba nulumikizidwa ku mwala wapamwamba woperera. Panalibe magiya: gudumu likazungulira kamodzi, mwalanso unali kuzungulira kamodzi. Cifukwa ca ici ufa unali kutuluka pang'onopang'ono, wokwanira banja limodzi kapena mabanja ocepa.

Luso limeneli ndi lakale. Ku Nendrum, ku Northern Ireland, kunapezeka cigayo ca gudumu logona cimene mitengo yake inadulidwa pakati pa 619 ndi 621. Ku Orkney komweko, pa Earl's Bu ku Orphir, anafukula cina ca m'nthawi ya ulamuliro wa anthu ocokera ku Norway. Tizigayo totere tinasiyidwa pamene zigayo zikuluzikulu za gudumu loimirira ndi magiya zinaculuka, monga Barony Mill ya ku Birsay, yomangidwa mu 1873.

3.0 Mau Amene Cinasiya

Eni dziko amacicha cigayoci Click Mill. Dzinali linacokera ku kaphokoso ka cikhomo cimene cinali pa mwala wapamwamba. Mwalawo ukazungulira, cikhomo cinali kugunda kangalande ka mbewu kuti mbewuzo zigwere pa ciboo ca mwala. Kachulidwe kotere sikacilendo kwa ife amene njinga yamoto timaicha mthuthuthu. Gudumu lija anali kulicha tirl.

Mau ena aulula za ulamuliro. M'madera ambiri a Scotland munali lamulo lochedwa thirlage, lokakamiza alimi kukapera pa cigayo ca mwini munda, ndipo mbewu zimene anali kusiya ngati malipiro zinali kuchedwa multure. Lamulo la 1799 linalola kuti udindowu usinthidwe kukhala malipiro a caka ndi caka. Lero mauwa apezeka makamaka m'madikishonale ndi m'zolembedwa zakale, pakuti nchito imene inawabala inatha.

4.0 Phunziro kwa Aphunzitsi a Cinyanja

Cigayo cathu ca injini cinabwera ndi mau akeake. Mneni kugaya ndi wobwereka ku zinenero za kum'mwera monga Cizulu ndi Cindebele, ndipo kwa iye kunacokera maina cigayo ndi mgaiwa. Koma cisanafike, amai athu anali kale ndi mau ambiri a pa mtondo ndi pa mphero: kukonola, kupeta, kuviika, kutibula, kupera, mphale, gaga, licero, munsi. Liu lililonse lichula sitepe yakeyake ya nchito kapena cipangizo cake. Mwana wokulira m'tauni, amene ufa amaudziwira m'thumba la kusitolo, angamve mauwa m'nthano koma osatha kusiyanitsa kukonola ndi kutibula.

Ku Dounby nyumba ndi miyala zinapulumuka, ndipo zili m'manja mwa Historic Environment Scotland. Mtondo wathu ndi wamtengo, umafumbwa nutha. Cimene tingasunge ndi mau. Motero tipempha aphunzitsi kuti atume ophunzira kwa agogo ao kukalemba mauwa pamodzi ndi matanthauzo ake ndi nyimbo za pa mtondo, eni ake akali moyo.